Nkhodolero ya Evance Ching'amba

"Ine sinditesita. Kutesita n'kwa anthu odzikayikira."

Mawuwo analowera pa kawindo koperekera tiyi n'kumupeza Atikonda m'khitchini ya holo ya tchalitchi ku Tottenham, manja ali m'thovu. Sanavutike n'kusuzumira. Mu London monse munali munthu mmodzi yekha wotha kuyankhula chonchi kwinaku akutafuna mandasi a eni ake, ndipo dzina lake linali Biswick.

"Anthu 214, Mayi Ng'oma, ndawakonza pa maminitsi twente. Ndinali mu sitima ya Victoria line. Pofika pa Seven Sisters n'kuti nditamaliza kalekale, ndikungoonerera azungu akuwodzera. Mukapezamo cholakwika ngakhale chimodzi, ndidzagwada pamaso pa bungwe lonse, suti yomweyi ili m'thupi."

Sutiyo inali yotuwa, ndipo inkapita kulikonse kumene mwini wake wapita, kumaliro ndi kootcha nyama komwe. Pa kakhadi kake panalembedwa kuti Data Consultant. Anthu amene ankadzafunsa nzeru kwa iye palibe anawaonapo.

Bungwe limene ankanenalo linali la Amalawi a mu London, lothandizana pa matenda ndi maliro. Chaka chimenecho aliyense analemba fomu pa foni: dzina, dera, za banja, ana, wachibale woti adziwitsidwe zikavuta, ndi mudzi kumene thupi lidzapite. Zonsezo zinatuluka mu fayilo imodzi ya CSV, imene ndi tebulo lovula zovala: munthu aliyense mzere wake, mawu olekanitsidwa ndi mipatuliro, mabokosi palibe. Wapampando wa bungwelo, Mayi Bessie Ng'oma, namwino wa ku Edmonton amenenso anali mkulu wawo wa mayi ake a Atikonda, anaitsegula kamodzi, anati ndi nyerere zokhazokha, n'kuipereka kwa Biswick kuti aisandutse buku loti munthu n'kuwerenga.

Atikonda ankazidziwa pang'ono nyererezo. Chibwenzi chake cha chaka chathunthu, Evance, ankaphunzitsa anthu kulemba mapulogalamu Loweruka lililonse m'mawa mu holo yomweyo, ulere. Atikonda analowa kalasiyo miyezi iwiri m'mbuyomo pofuna kuona atsikana amene amakhala kutsogolo, koma anapezeka wakodwa yekha. Lamulo la Evance linali limodzi. Usanalembe pulogalamu, lemba tesiti, kapulogalamu kakang'ono konena zimene ukuyembekezera. Ukakayendetsa, kafiire kaye. Kenako ugwire ntchito mpaka kabiriwire.

Kwa Atikonda, amene ankasamalira okalamba, munthu wosatesita anali ngati womwetsa mankhwala osawerenga dzina la pa botolo. Anangotsuka kapu imodzi kawiri.

Biswick anamufunsirapo Atikonda kawiri, anakanidwa kawiri, ndipo ankaona kuti zokambirana zikuyenda bwino. Chimene chinkamusowetsa mtendere n'chakuti Lamulungu lotsatira bambo ake aang'ono a Evance amayenera kubwera kuchokera ku Reading kudzaonekera kwa Mayi Ng'oma.

Kunja kwa kawindo mawu a Biswick anatsika.

"Koma Mayi, pali mzere umodzi ndikufuna muuone panokha. Zandipweteka mtima kwambiri."

Sanamveke ngati munthu wopwetekedwa. Kapu inamupulumuka Atikonda n'kumira m'thovu.

*

Mu basi ya 149, kuchokera ku Tottenham mpaka Edmonton Green, Mayi Ng'oma sanayankhule. Sanadandaule za dalaivala, sanadzudzule siketi ya munthu aliyense. Atikonda anali atakhala nawo zaka zitatu, ndipo chete wotereyu anamuonapo kamodzi kokha, tsiku limene kunabwera uthenga wa maliro.

Atafika kunyumba anavula nsapato, anakhala pa tebulo chipewa chili kumutu, natulutsa pepala limodzi m'chikwama.

"Werenga 38."

Atikonda anawerenga. Evance Chingamba. Romford. Wokwatira. Ana atatu. Wodziwitsidwa: Esnat, mkazi wake.

Anawerenganso, poganiza kuti mwina kachiwiri anawo achepako.

"Anti, Evance amakhala ku Tottenham. Ndinafikako."

"Munthu amakhala kumene wakuonetsa. Lachinayi amapita kuti?"

Lachinayi lililonse Evance ankapita ku Romford. Ankati kuli ofesi ina ya kampani yawo. Tsiku limenelo foni yake inkachedwa kuyankha, ndipo kamodzi anabwerako ndi switi ya pakamtengo m'thumba la jekete, nati anagawiridwa ku ntchito. Pa nthawiyo Atikonda anaseka n'kuidya yekha. Tsopano anaimva switi ija ikubwerera kukhosi.

"Ine ndakhala kuno zaka 26," anatero Mayi Ng'oma. "Ndaona amuna a mphete m'sokosi. Ndinaona mtsikana wa ku Luton akuzindikira pa tsiku la chinkhoswe, mkazi wamkulu atatulukira ndi ana ndi poto wa mpunga, poganiza kuti ndi phwando la kubadwa. Pa fomu ya maliro munthu sanama, mwana wanga. Amanama kwa amoyo."

"Ndimufunse kaye."

"Ndayankhula naye kale. Ndamuimbira tikadali pa holo, ndamuuza kuti bambo akewo asawononge tikiti ya sitima. Komiti ndaiuzanso. Lamulungu nkhaniyi ikambidwa pagulu. Ndipo iwe, ukafuna kupitiriza naye, upitirize uli ndi adiresi ina. Mayi ako anandipatsa mwana woti ndimulere, sanandipatse mkazi wachiwiri wa munthu."

Atikonda anapita kuchipinda, nakhala pa bedi jekete ili m'thupi. Za nyumba zinkamuopsa ndithu, chifukwa chipinda mu London sichipezeka ndi pemphero lokha. Koma chimene chinamuopsa kwambiri n'chakuti kwa chaka chathunthu anayang'ana nkhope imodzi, naidziwa mpaka kachipsera ka pa nsidze, ndipo mwina sanaone kalikonse.

*

Mameseji a Evance anayamba Lolemba m'mawa Atikonda ali pa shifiti.

"Anti andiimbira dzulo. Akuti ndipereke moni kwa Esnat. Esnat ndi ndani?"

Patapita ola: "Ati, ndiyankhe."

Patapita ola lina: "Ndafufuza mu foni monse. Esnat yekha amene ndikumudziwa anali mphunzitsi wanga wa Sitandade 4. Anamwalira."

Atikonda anaseka, kenako anachita mantha kuti waseka. Amuna a mphete m'sokosi nawonso amaseketsa, mwina ndiwo amaseketsa koposa. Analemba kuti, "Lachinayi umapita kuti kwenikweni?" nafufuta. Analembanso, nafufutanso. Agogo ena achingerezi amene ankawadyetsa phala anamugwira dzanja n'kumufunsa ngati akufuna kuti amuitanire namwino.

Uthenga wa Biswick unafika masana. "Chemwali, ndamva chisoni. Koma data siinama. Ukafuna wokamba naye, ndili free after five."

Sanadikire kuitanidwa. Lachiwiri anafika kunyumba ndi maluwa a pomwetsera mafuta galimoto, kapepala ka mtengo wotsitsidwa kakadali pomwepo. Mayi Ng'oma anamupatsa tiyi m'kapu ya alendo, ija ya mkombero wagolide imene Evance anali asanaikhudzepo. Biswick anafotokoza kwa ola lathunthu mmene makompyuta amaganizira, ndipo kunapezeka kuti amaganiza ngati iyeyo.

"Pulogalamu ija unaitesita?" Atikonda anafunsa, maso ali pa maluwa.

Biswick anamwetulira ngati dokotala amene wodwala wamufunsa ngati wasamba m'manja.

"Zimenezo n'za oyamba kumene, chemwali. Chibwenzi chako chija, sorry, mwamuna wa Esnat uja, ndiye amakonda zimenezo. Munthu wokonda kutsimikiza chilichonse amakhala ndi chobisa."

"Eetu," anatero Mayi Ng'oma, namuonjezera shuga.

*

Lachinayi Atikonda sankagwira ntchito. Anadziuza kuti akupita kukagula makatani. Anakwera sitima ya Overground mpaka Liverpool Street, nasintha kukwera Elizabeth line, ndipo zinangochitika kuti makatani abwino anali ku Romford.

Anaima tsidya lina la msewu moyang'anizana ndi siteshoni, mpango utaphimba pakamwa. Mzimayi aliyense wakuda wokankha kangolo ka mwana anali Esnat. Pofika naini koloko anali atawerenga ma Esnat khumi ndi mmodzi, ena okongola mochititsa mantha. Mmodzi anamupatsa moni. Atikonda anayankha kuti pepani.

Evance anatuluka m'siteshoni chikwama chili kumsana, mutu uli pansi. Ankaoneka wowonda. Atikonda anamutsatira chapatali, akupemphera pemphero la mawu amodzi: asakhotere kunyumba, asakhotere kunyumba. Evance anaoloka msewu, analowa m'nyumba ya magalasi, anagunditsa khadi pa chitseko, nazimiririka.

Ndiye kuti ofesi inalipodi. Atikonda anapuma bwino kwa masekondi angapo. Kenako anakumbukira kuti amuna okwatira nawonso amagwira ntchito.

Anabwerera ku Edmonton wopanda makatani.

*

Loweruka Atikonda anafika pa holo kalasi isanayambe. Evance ankayala mipando. Atamuona anaima mpando uli m'manja, osadziwa pouika.

"Uli ndi mkazi?"

"Ayi."

"Ana?"

"Ayi."

"Lumbira."

"Pali Mulungu. Koma Ati, wokwatira akanalumbiranso chimodzimodzi, mwinanso mokoma kuposa ine. Ukhulupirira lero, Lachinayi udzayambiranso."

Atikonda sanamuuze kuti Lachinayi anayambira kale.

"Ndiye nditani?"

"Fayilo ija ili kuti?"

"Pa laputopu ya bungwe, kunyumba. Pulogalamu ya Biswick ilinso momwemo."

"Lemba tesiti."

Atikonda anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Ine ndikukufunsa za mkazi ndi ana atatu. Sindikudya. Dzulo ndathira mchere mu tiyi wa munthu wa BP. Iwe ukundipatsa homuweki?"

"Ndikaikhudza ine anena kuti ndakonza, ndipo akhala ndi chifukwa. Iwe ukhoza. Yamba ndi funso lopusa kwambiri. Alowa angati, atuluka angati."

"Nanga ikabiriwira? Nanga pulogalamu yake ikapezeka yolondola?"

Evance anauika pansi mpando uja pang'onopang'ono ngati ungasweke.

"Ndiye sindikudziwa. Fomu ija ndinalemba ndili mu basi. Sabata yonseyi ndakhala ndikudzifunsa ngati ndinadina polakwika. Koma munthu sungadine mwangozi dzina la mkazi." Anayesa kuseka, sizinatheke. "Ungokumbukira chimodzi. Tesiti imayankha zimene waifunsa basi. Zimene sunafunse imangokhala chete."

Ophunzira anayamba kulowa. Atsikana a kutsogolo aja anakhala kutsogolo. Atikonda anatuluka osawayang'ana n'komwe.

*

Mayi Ng'oma analola kuti tesiti ilembedwe, poti munthu wotsimikiza sakana mayeso. Koma anaika malamulo awiri. Fayilo ya nyerere isatsegulidwe, kuti pasadzapezeke wonena kuti chala chinatsetsereka. Ndipo iwo akhala pambali. Anakhaladi, magalasi ali pamphuno, manja atapinda, ngati woyang'anira mayeso a Fomu 4.

Atikonda analemba mizere inayi. Werenga mizere ya mu fayilo. Yendetsa pulogalamu ya Biswick. Werenga anthu otuluka. Manambala awiriwa afanane.

Chala chinaima pamwamba pa batani. M'kalasi aliyense ankathamangira kubiriwira. Lero iye ankapempha kufiira ngati mlimi wopempha mvula, chifukwa kubiriwira kukanatanthauza kuti Biswick sanalakwitse.

"Dina, ndili ndi zochapa."

Anadina. Kunafiira. Olowa 214, otuluka 212.

"Chatanthauza chiyani chimenecho?"

"Anthu awiri asowa, Anti."

"Asowa bwanji? Amwalira osatiuza?"

Tesiti yachiwiri inamuvuta: kutenga dzina pa mzere uliwonse n'kulifufuza m'buku la Biswick. Analakwitsa kawiri, Mayi Ng'oma akuusa moyo mokweza kuti amve. Kachitatu kunafiiranso, ndipo mayina anayi anatuluka amene m'bukumo sanapezeke momwe eni ake anawalembera.

Evance Ching'amba. Paterson Ching'ani. Mwila Ng'andu. Bessie Ng'oma.

Mayi Ng'oma anavula magalasi, anawapukuta ndi mpendero wa bulauzi, anawavalanso. Dzina silinachoke. Anadzuka, anakatenga buku lonse la Biswick, limene mpaka tsikulo anali atangowerengamo mzere wa 38, nayamba kutembenuza masamba chala chili pa lilime. Evance analimo, koma ngati Chingamba. Paterson munalibe. Anafika pa N.

"Ngandu, Mwila. Edmonton. Wamasiye. Ana anayi."

Mwila anali mnyamata wa ku Zambia wa zaka 24 amene ankaimba kiyibodi kutchalitchi.

"Ana anayiwo ndi anga!" Mayi Ng'oma anamenya tebulo. "Amuna anga anandifera ine, sanafere Mwila! Nanga ine ndili pati?" Anatembenuza tsamba, anabwerera, anayang'ana ndi kuseri komwe. "Zaka 19 ndili wapampando. Ndaperekeza mabokosi a maliro ku bwalo la ndege la Heathrow chisanu chili m'mafupa. Ndiye kamnyamata ka suti imodzi kandifufute? Ndikanafa mawa bwenzi mutanditumiza kuti?"

Anakhala pansi, akupuma mwamphamvu, nayang'ananso mayina anayi aja. Kenako analoza ndi chikhadabo.

"Taona. Onsewa ali ndi nkhodolero."

"Ali ndi chiyani?"

"Nkhodolero! Kachizindikiro ka pamwamba aka, ka pa ng'. Kusukulu ku Zomba kuja ankakuphunzitsani chiyani? Ine ndine Ng'oma yolira, sindine ngoma ya m'tchire ya nyanga."

Atikonda anatsegula pulogalamu ya Biswick. Sinali yaitali, ndipo theka lake linali lokopera pa intaneti, ndemanga za mwini wake zikadali momwemo. Pa mzere wachisanu ndi chiwiri anachipeza. Mzerewo unkauza kompyuta kuti nkhodolero ndi chizindikiro chotsegulira mawu ogwidwa, ntchito imene ndi ya mitengero. Ndiye kompyuta ikafika pa Ching' inkayasamula n'kumeza zonse, dera la Evance, banja lake, mudzi wake, mpaka itapeza nkhodolero ina yotsekera. Mayina anasanjidwa motsatira zilembo, choncho yotsatira inali ya Paterson Ching'ani, pa mzere wapansi pake. Zotsala za Paterson, Romford, mkazi ndi ana, zinagwera Evance. Dzina lotupa ngati nsato yokhuta lija, Biswick anangolidula kuti likwane pa pepala.

"Ndiye Esnat ndi wa Paterson ameneyu," anatero Mayi Ng'oma.

"Zikuoneka choncho, Anti."

"Zikuoneka. Koma sindinaonebe kuti mnyamata wakoyo ndi wosakwatira. Zake zili m'mimba mwa kompyuta. M'menemo mukhoza kukhala mkazi wina."

Zinali zoona, ndipo kamphepo kabwino kamene kanayamba kumulowa Atikonda kanatulukanso.

Tesiti yachitatu inali ya mzere umodzi. Banja la Evance Ching'amba liyenera kukhala, kenako mpata. Lamulo linali loti yankho ulembe usanalione. Kamzere ka pa sikirini kankaphethira pa mpatapo. Wokwatira, wosakwatira. Kusiyana kwake kunali zilembo ziwiri, ndipo pa zilembo ziwirizo panali chaka chake chonse, chipinda chake, ndi dzina lake m'kamwa mwa azimayi a bungwe. Anakumbukira switi ija. Anakumbukiranso mmene Evance anauikira pansi mpando uja.

Analemba kuti wosakwatira.

Anayendetsa, kunafiira monga mwa lamulo, poti pulogalamu inali isanakonzedwe. Anabwerera pa mzere wachisanu ndi chiwiri, anachotsa nkhodolero, anaikapo mitengero. Anadina, natsinzina.

M'khitchini filiji inkalira. Panja basi inadutsa.

"Zabiriwira zonse zitatu," anatero Mayi Ng'oma. "Ndi zabwino kapena zoipa?"

Atikonda anagwetsa mutu pa tebulo, mapewa akugwedezeka. Mayi Ng'oma anakoka laputopu n'kuitseka.

"Misozi iwononga katundu wa bungwe. Zotsalazo tikaziona mawa. Ndinamuipitsa pagulu, ndikamuyeretsa pagulu."

*

Lamulungu holo inadzaza kuposa tsiku la zisankho. Anthu amene ankati masana a Lamulungu amakhala pa shifiti anapezeka kuti sali pa shifiti. Paterson Ching'ani ndi mkazi wake, amene anasamukira ku Romford chaka chatha ndipo ambiri sankawadziwa, anabwera ndi ana awo atatu ataitanidwa ndi wapampando. Evance anakhala kumbuyo ndi bambo ake aang'ono, amene tikiti anali atagula kale ndipo sanafune kuitaya.

Atikonda anaima kutsogolo, laputopu italumikizidwa ku pulojekita. Anaonetsa pakhoma matesiti atatu ndi pulogalamu ya Biswick momwe inalili: kufiira katatu. Anasintha chizindikiro chimodzi anthu onse akuona. Kubiriwira katatu.

Biswick anaimirira, namanga batani la suti.

"Technically, vuto si pulogalamu. Vuto ndi mayina. Mayina athu ena sali standard."

Mu holo munamveka phokoso ngati la njuchi.

"Dzina langa lakhala standard kuyambira 1987 pamene ndinakwatiwa," anatero Mayi Ng'oma.

Mzimayi wamfupi, mwana ali m'chiuno, anakweza dzanja. "Ine ndine Esnat. Ndimangofuna ndimuone mwamuna mwandipatsayo. Ngati amatsuka mbale, tikhoza kukambirana."

Paterson anaseka nawo, koma mochedwa pang'ono. Mwila anafuula ali pa kiyibodi yake: "Naine nifunseko, bana banga four bali kuti? Banitumileko ka something, nine wamasiye!"

Mayi Ng'oma anadikira kuti chiphokoso chithe. "A Biswick, munalonjeza. Amene anamva akweze manja."

Manja anakwera, kuphatikizapo a anthu amene tsikulo kunalibe.

Biswick anayang'ana pansi, pamene ana a Sande sukulu anatayirapo juwisi m'mawa. Anatulutsa kampango, anakayala bwinobwino, anakweza thalauzi pang'ono kuti isataye mzere, nagwada bondo limodzi.

"Onse awiri!" anatero Esnat.

Anagwada onse awiri. Mafoni khumi ndi anayi anakwera m'mwamba nthawi imodzi.

"Yanga yatsala," anatero Mayi Ng'oma. "Evance, bwera kuno."

Evance anayenda pakati pa mipando, naima pafupi ndi Atikonda. Dzanja lake linapeza la Atikonda, ndipo onse awiri anali ozizira.

"Mwana wanga, ndinakunenera zoipa ku komiti, ndinakulalatira pa foni, ndinabweza bambo ako asananyamuke. Ngongole ya pakamwa imabwezedwa ndi pakamwa. Pepa. Ndiwerenga mzere wako wonse, aliyense amve, ndipo amene anatumiza nkhaniyi ku Malawi atumizenso iyi."

Anakweza magalasi, nayang'ana pakhoma.

"Evance Ching'amba." Nkhodolero anaigunda mpaka inamveka kukhitchini. "Tottenham. Wosakwatira."

Nthungululu zinalira.

"Ana, palibe. Wodziwitsidwa, mayi ake, Felesiya. Mudzi…"

Anaima. Anavula magalasi, anawapukuta ndi mpendero wa bulauzi, anawavalanso. Atikonda anali ataona kapukutidwe kameneka dzulo lake, ndipo anatembenukira kukhoma.

Kachipapa, Dedza.

Mudziwo ankaudziwa, ngakhale anali asanaupondepo. Unalinso pa mzere wa Atikonda mwini. Unali mudzi wa mayi ake ndi wa Anti, wa nyumba khumi ndi ziwiri, umene Anti ankanena monyadira kuti onse a kumeneko anatuluka m'mimba imodzi.

"Iwe umati kwanu ndi ku Lilongwe," anatero Mayi Ng'oma, motsitsa mawu.

"Ndinabadwira ku Kawale, Mayi. Mudziwo ndinachita kufunsa amayi pa foni polemba fomu. Sindinapiteko."

"Felesiya wake uti? Wa mpata kumano? Amene anathawira ku tauni ndi telala?"

Kumbuyo kwa holo bambo aang'ono a ku Reading anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zawo.

"Bambo anga anali telala," anatero Evance. "Eya."

Mayi Ng'oma anayang'ana nkhope ya Evance nthawi yaitali, mphuno, makutu, nsidze, ngati akuwerenga mzere wina umene kompyuta inameza. Kenako anatembenukira kwa anthu.

"Ngongole yanga ndabweza, nonse mwamva. Mnyamata uyu alibe mkazi, alibe mwana, ndipo sananame." Anatambasula dzanja, nalekanitsa zala za Atikonda ndi za Evance chimodzichimodzi, mosamala, monga amachotsera bandeji. "Koma mpaka nditaimba foni kumudzi, manjawa aliyense asunge ake."

Pakhoma matesiti atatu aja anali obiriwirabe. Za mudzi palibe anawafunsa. Pansi, Biswick, amene aliyense anaiwala kumuuza kuti adzuke, anayamba kukonza tayi.